Mawu a M'mawa: Lemba Masomphenyawo Momveka

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu athu lero tawatenga pa Habakuku 2:1-3. Mneneriyu wadandaula kwa Mulungu za chiwawa ndi kupotozedwa kwa chilungamo m'dziko la Yuda, kenako wakwera pansanja kudikira yankho. Yankho likubwera ndi ntchito ziwiri: alembe masomphenyawo momveka pamagome kuti ngakhale munthu wothamanga athe kuwawerenga, ndipo akachedwa awadikire, pakuti ali ndi nthawi yake. Ambirife timakonda ntchito yachiwiriyo chifukwa kudikira sikutulutsa thukuta. Yolembayo timangoilumpha.

Kuti timve kulemera kwa kulembako, tiyeni tione ntchito ya Mani Ratnam, wolemba ndi wotsogolera mafilimu a m'chilankhulo cha Tamil kumwera kwa India. Sitikumutchula ngati mlaliki ayi. Tikungoyang'ana luso la manja ake, monga Miyambo imatitumizira kukaphunzira kwa nyerere.

Anabadwira ku Madurai mu 1956. Sukulu yake inali ya kayendetsedwe ka bizinesi ku Bombay, ndipo anayamba wagwira ntchito yolangiza makampani. Otsogolera ambiri a ku Chennai, mzinda umene ndi likulu la mafilimu a Tamil, amakhala zaka akuthandizira katswiri wina asanapatsidwe filimu yawoyawo, koma iye sanadzere njira imeneyo. Filimu yake yoyamba, mu 1983, inali ya m'chilankhulo cha Kannada, yachiwiri ya Malayalam, kenako ziwiri za Tamil mu 1985. Zinayi zonsezi sizinamutchukitse. Dzina linamveka mu 1986 ndi Mouna Ragam, filimu yachisanu.

Nkhani ya filimu imeneyi anali atailemba kale, nthawi imene ankapanga filimu yoyamba ija. Inali ya mtsikana wotchedwa Divya, amene makolo amupezera mwamuna, iye n'kumamukana mwamunayo ali kale m'banja. Nkhaniyo inakhala zaka osajambulidwa. Mwayi utapezeka, Ratnam sanangoitulutsa m'kabati n'kuikutumula fumbi. Anaona kuti oonera avutika kumvetsa chifukwa chimene mkazi angakanire mwamuna wofatsa wosamulakwira kanthu. Choncho anawonjezera chigawo chobwerera m'mbuyo, choonetsa mnyamata amene Divya ankamukonda, yemwe anaphedwa iye akuona. Chigawo chachifupi chimenechi chinatsegula nkhani yonse, ndipo filimuyo inalandira mphoto ya dziko lonse la India monga filimu yabwino koposa ya Tamil.

Taonani, nkhaniyo sinkangosowa munthu wa ndalama. Inkasowanso chidutswa chimodzi m'kati mwake. M'mutu mwa wolemba zonse zinkamveka, poti ankamudziwa Divya. Papepala chifukwacho panalibe. Zimene zili m'mutu mwanu zimaoneka zathunthu mpaka tsiku limene mwazilemba n'kupatsa wina kuti awerenge.

Opanga mafilimu amalemba mwadongosolo. Poyamba nkhani yonse imafupikitsidwa m'ziganizo zochepa, ndipo ikakanika kufupikitsidwa ndiye kuti mwiniwake sanaidziwe. Kenako amandandalika zigawo, chilichonse mzere umodzi: ndani, ali kuti, chikusintha n'chiyani. Chigawo chimene sichikusintha kanthu amachichotsa pomwepo, pakuti kuchifufuta ndi pensulo n'kwaulere, pamene kuchijambula kumalipiritsa anthu, magetsi, galimoto ndi chakudya cha tsiku lonse. Mawu olankhula amabwera pomaliza. Pamutu pa chigawo chilichonse amalemba ngati ndi m'nyumba kapena panja, malo ake, komanso ngati ndi masana kapena usiku. Tsamba limodzi la script, kutanthauza zolembedwa zonse za filimuyo, limawerengedwa ngati mphindi imodzi ya filimu, ndiye filimu ya maola awiri ndi theka imafuna masamba pafupifupi 150. Mafilimu a Tamil amakhalanso ndi nthawi yopuma pakati, motero wolemba ayenera kuika pamenepo chinthu chimene chibweze anthu pamipando.

Wothamanga uja wa Habakuku tikumupeza apa. Filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Zigawo zonse za m'nyumba imodzi zimajambulidwa pamodzi, kaya china ndi cha koyambirira china cha kumapeto, kuti asalipire malowo kawiri. Wochita sewero akhoza kulira maliro m'mawa, madzulo n'kukavina ukwati umene m'nkhanimo unachitika maliro asanafike. Wosoka zovala, woyatsa magetsi ndi wogwira kamera alibe nthawi yokhala pansi kumva maloto a wotsogolera. Amangosuzumira papepala akuthamanga. N'chifukwa chake pamakhala munthu wolemba zinthu zazing'ono zimene maso amaiwala: wotchi inali kudzanja liti, madzi m'kapu anafika pati, chitseko chinali chotsegula kapena ayi. Kathabwa kamene amakawomba kutsogolo kwa kamera kamalembedwa nambala ya chigawo ndi ulendo umene akuchibwereza, ndipo kulira kwake kumathandiza wolumikiza zithunzi kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi. Zimenezi zikalembedwa mosasamala, cholakwikacho chimaonekera patapita miyezi, wochita sewero atameta kale ndevu, nyumba ija ataibweza kwa eniake. Kukonza kwake n'kuitananso gulu lonse.

Tisapotoze lemba komabe. Masomphenya a Habakuku sanali maloto ake a galimoto kapena nyumba yosanja. Anali mawu a Mulungu onena za chiweruzo cha odzikuza ndi moyo wa wolungama mwa chikhulupiriro, monga vesi 4 ikunenera. Vesi ya kulemba masomphenya imalalikidwa kawirikawiri ngati kuti chilichonse chimene walemba m'kope Mulungu ali ndi ngongole yochichita, ndipo kumeneko n'kulakwa. Mneneri anayamba waima pansanja n'kumvetsera. Kulemba kunabwera atamva. Ndipo kulemba kumayesanso mtima: chinthu chikakhala papepala, mumatha kuona ngati n'chofuna kutumikira anthu kapena n'chofuna kuti akuoneni.

Za kuchedwa nazo, Ratnam ali ndi chitsanzo chachikulu. Ponniyin Selvan ndi nkhani yaitali ya mafumu a Chola, ufumu wakale wa kumwera kwa India, imene Kalki Krishnamurthy analemba m'zaka za m'ma 1950, mabuku asanu. Ratnam anayesa kuisandutsa filimu kangapo m'zaka za m'mbuyo, zosatheka. Kujambula kunayamba mu December 2019, mliri wa COVID-19 n'kuimitsa ntchito. Nkhani ya filimuyo Ratnam anailemba ndi anzake awiri, anaigawa pawiri, gawo loyamba n'kutuluka mu 2022, lachiwiri mu 2023. Nkhani ya mabuku asanu siikanakwana m'filimu imodzi popanda kuidula miyendo.

Ndiye lero, musanalowe m'ntchito za tsikuli, werengani Habakuku 2:1-4 mofatsa ndi kupemphera. Chimene mukukhulupirira kuti Mulungu waika pamtima panu, kaya ndi utumiki wa ana, kuyanjana ndi m'bale amene simulankhulana naye, kubwerera kusukulu kapena kutuluka m'ngongole, chilembeni m'ziganizo zitatu. Pansi pake ndandalikani masitepe, lililonse mzere umodzi, ndi dzina la wochita ndi tsiku lake. Sitepe limene silikusintha kanthu lichotseni. Kenako pepalalo mulipereke kwa munthu wokhwima m'chikhulupiriro amene sakuopani, mkulu wampingo kapena mayi wa chigwirizano, ndipo musamufotokozere kalikonse pakamwa. Mumusiye awerenge yekha. Pamene waima n'kufunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?", ikanipo chizindikiro, mukapakonze madzulo ano.