Kagalu komwe sikanandithamangire

Moni moni abale anga kulikonse komwe mukumvera, a kumudzi, a ku Joni, a ku UK amene mumatsegula podcast ino muli pa shifiti ya usiku, ndakuonani nonse. Kuno ku Indiana kwayamba kuzizira, masamba ayoyoka, chimanga anakolola kale ndi zimakina zawo zija nde minda yangoti see. Lero za mapepala ndi za ntchito tizisiye kaye. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi chimalira kumbuyo ukamajambula chija ndi chani, ena mpaka kumati ndi sairini ya ambulansi. Ayi ndithu, ndi galu wanga ameneyo, dzina lake Tafika, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinamusankhira.

Nditangobwera kuno ndinafikira ku South Bend, amene mukudziwa mukudziwa kuti kumeneko a Malawi tilipo ambiri, nsima siisowa, wokulankhula Chichewa sasowa. Koma ntchito inanditengera kumwera, katauni kakang'ono ka pakati pa minda, kopanda Mmalawi olo mmodzi. Abale, kusungulumwa kwa kunja sikuoneka pa zithunzi zomwe timaika pa Facebook. Umaweruka, kulowa mnyumba, kutseka chitseko, basi mpaka mawa osamva munthu akuitana dzina lako.

Kufakitale kunali adala ena oyendetsa foloko, galimoto yonyamulira katundu ija, azungu, otsala pang'ono kupuma ntchito, osalankhulalankhula. Tsiku lina pa lanchi anangondifunsa ngati kwathu timasaka. Nde ine ndinamasuka, ndinawauza za agogo anga ku Ntcheu, mmene ankapitira ku uzimba udzu ukapsa, agalu patsogolo, anthu ndi zibonga pambuyo, ife ana kumanyamula akalulu. Adalawo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati Loweruka usiku uvale magambuti ndidzakutenga.

Nyama yomwe amasaka ndi raccoon, kanyama kaubweya wotuwa, kumaso kakuda ngati kavala chigoba, mchira wamizeremizere, ngati mumadziwa fungwe nde mwayandikirako. Kamayenda usiku, kamakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'minda ya chimanga, ndipo kakapanikizika kamakwera mumtengo. Alenje amadula dzinali kukhala coon, agalu ake nkumatchedwa ma coonhound. Apa ndichenjeze abale amene mwangobwera kumene: liu lodulalo lili ndi mbiri yoipa kuno, ena ankatukwanira nalo anthu akuda, nde muzimvetsera kuti munthu akunena za nyama kapena akunena inu. Adala anga ankanena za nyama basi, koma ine mpaka lero ndimatchula dzina lonse.

Usiku umenewo sindidzauiwala. Tinaimika pikapu m'mphepete mwa munda womwe mwini wake anawaloleza, poti kuno sungolowa pamalo a munthu, komanso laisensi yosakira imafunika. Anamasula agalu awiri, anathima matochi a pamutu, tinangoima mumdima kuli zii. Patapita kanthawi kunamveka kulira kwakutali kokoka, auuuuu, kuchokera kumtsinje, thupi langa lonse linachita tsembwe. Adala anati ameneyo ndi wamkazi uja, wapeza fungo koma ndi lakalekale, mupatse nthawi. Sakuona chilichonse koma akuwerenga nkhani yonse ndi khutu, kuti apa wataya, apa wawoloka madzi, apa wayandikira. Kenako kulira kunasintha, kunakhala kodukizaduka, au au au au osalekeza pamalo amodzi, iwo anati tiye, yakwera. Tinayenda m'matope ndi m'minga mpaka kupeza agalu ataimika miyendo yakutsogolo pa mtengo, titawalitsa mmwamba timaso tiwiri tikunyezimira. Sanawombere nkomwe, anangosisita agalu nkuwamanga, tinabwerera.

Patatha chaka ndikuwatsatira ndinawauza kuti ndikufuna wanga. Funso lawo loyamba linali loti ukufuna chikho kapena ukufuna kumva mawu. Chifukwa mitundu ilipo ingapo, pali Treeing Walker, othamanga kwambiri ndipo ndi amene amadzaza m'mipikisano, pali Black and Tan, Redbone ofiira aja, English, Plott omwe ndi galu wa boma la North Carolina ndipo amalimbana ngakhale ndi zimbalangondo, nde pali Bluetick, amawangamawanga ngati nkhanga, odziwika ndi mphuno yotha kutsata fungo lomwe lazizira kale. Ine mipikisano ndinaionerako ku Richmond konkuno ku Indiana, ku Autumn Oaks komwe bungwe la UKC, lolemba agalu ndi makolo awo mu kaundula, limasonkhanitsa alenje chaka chilichonse kumapeto kwa chilimwe, agalu osawerengeka, koma mtima wanga sunali pa chikho. Ndinati ndikufuna Bluetick, ndikufuna mawu aja a usiku woyamba.

Chomwe chinandidabwitsa nchoti tinayamba kusankha ana asanabadwe nkomwe. Mnzawo wa adala anali ndi galu wamkazi yemwe anali atangokweredwa kumene, nde anati tiyeni tikasake naye kaye mimba isanakule. Tinapita maulendo awiri. Ankafuna aone ngati akauwa pamtengo mumakhaladi raccoon kapena amanama, ngati amakhala pamtengopo mpaka mufike kapena amatopa nkuchoka, ngati amasiya ntchito nkuyamba kuthamangitsa agwape, komanso ngati amalola kugwidwa ndi mlendo ngati ine. Za bambo wake anaimbira mafoni anthu omwe anasakapo naye. Mapepala a UKC analipo, osonyeza makolo mpaka azigogo ndi maudindo opambana mipikisano yosaka usiku, a Nite Champion ndi Grand Nite Champion, ine ndinasangalala nawo kwambiri koma adala anangowayang'ana kamodzi nkunena kuti pepala siliuwa, mwana wanga, ona mayi wakeyo. Mawu amenewa anandikumbutsa agogo, iwonso sankatenga kagalu pakhomo pomwe sanasakepo ndi make.

Ana anabadwa asanu ndi awiri. Tinapita ali ndi masabata 6, tinapitanso ali ndi masabata 7, ulendo wina mmawa wina madzulo, poti adala ankati ukapita kamodzi ukhoza kupeza kabwino kali ndi tulo kapena katangokhuta nkukaweruza molakwa.

Atangotsegula khola, kamodzi kakamuna kokongola, mutu wakuda bii, makutu mpaka pansi, kanathamangira pa nsapato zanga nkuyamba kundinyambita zala. Abale, munthu wokhala wekha kudziko la eni, chinthu chamoyo chikakuthamangira choncho mtima umasungunuka. Ndinakanyamula ndipo mumtima ndinali nditamaliza kale. Adala sananditsutse, anangoti kaike pansi, khala pa chidebecho, usaitane kalikonse, ungoona.

Nde tinakhala phee mwina theka la ola. Apa mpomwe ndinayamba kuona kuti ngakhale tabadwa tsiku limodzi, tiagalu timasiyana mitima ngati ana a munthu. Kanalipo kena kakakulu thupi, kolimba mtima zedi, koma kakagwira khutu la kanzake sikankasiya olo kanzakeko kalire bwanji. Ine ndinati kameneka nde kolimba. Adala anapukusa mutu, anati galu wandewu pamtengo palibe amafuna kusaka nawe, ndipo ku mpikisano akangomenyana amachotsedwa pompo. Kena kanali kuseri kwa kanyumba, kakusuzumira, ukatambasula dzanja kamabwerera mmbuyo mchira pakati pa miyendo. Anati kameneko kakhoza kusintha koma mantha obadwa nawo ndi ovuta, galu wotero mfuti ikalira amathawa osabwerera, ndipo thengo la usiku lili ndi zoopsa zambiri zoti akumane nazo ali yekha.

Kenako mwini agalu anagwetsa dala mbale yachitsulo pa simenti, ngwee! Tonse tinabalalika. Adala anandinong'oneza kuti kudzidzimuka si vuto, chamoyo chilichonse chimadzidzimuka, iwe ona kamene kabwerere koyamba. Kanga kokongola kaja kanathawira kumapazi anga nkukhala komweko kakunjenjemera. Koma kena kakakazi, kochepa thupi, kamene sikanandiyang'ane nkomwe chifikireni, kanaima pataliko, kanapendeketsa mutu, kenako pang'onopang'ono kanabwera, kananunkhiza mbale ija, kanaizungulira, nkulowamo ndi miyendo yakutsogolo.

Tinatulutsa kamodzikamodzi kupita nato pa udzu womwe sitinapondepo. Mwiniwake anali atakoka chikopa chakale cha raccoon pa udzupo mokhotakhota nkuchipachika pa mtengo wa mpanda, tiagalu tisakuona. Tambiri tinangosewera, kena kananunkhiza pang'ono nkusiya. Kakakazi kaja kanaika mphuno pansi ngati kamamatizidwa, makutu akukwekwereza pa udzu, kanataya fungo pokhota paja, kanabwerera mmbuyo kokha popanda woti akauze, kanalipezanso, mpaka pa mpanda. Sikanauwe ayi, kanali kakhanda, koma kanadzutsa mutu nkuyang'ana mmwamba. Ndinaona adala akumwetulira, chinthu chomwe kufakitale sindinachionepo.

Anakanyamula, anakagoneka chagada m'manja mwawo, kanalimbalimba pang'ono kenako kanadekha nkuwayang'ana. Anati ndi zimenezo, kali ndi mutu wake koma kamva munthu. Anayang'ana mkati mwa makutu poti agalu amakutu atali amavutika ndi matenda a m'makutu, anaona nkhama ngati zili zofiirira bwino, mano ngati akukumana, anapapasa pamchombo ngati palibe chotupa, anafunsa khadi la katemera ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Ine nthawi yonseyo maso anali pa kokongola kaja, sindinama, kunali kovuta kukasiya.

Tili mu pikapu pobwerera anandiuza chilungamo. Anati usaganize kuti taona tsogolo, kagalu ka masabata 7 palibe angakutsimikizire kuti kadzakhala kosaka, ena amayamba ali ndi miyezi 6, ena amakwanitsa chaka asanauwe pamtengo olo kamodzi, ena sayamba nkomwe. Chomwe tayang'ana ndi makolo ake, mtima wake kakaopsedwa, ndi chidwi cha mphuno, zotsalazo zili kwa iwe, kangati ukatulutse, udekha nako bwanji. Anati kokongola kaja kadzakhala galu wabwino wa pakhomo kwa banja la ana, ndipo ndinamva kuti kanapitadi ku banja lotero.

Kakakazi kaja ndinakatenga katakwana masabata 8. Agogo ankapatsa agalu maina okhala ndi uthenga, nde ine ndinati Tafika, poti ndi nthawi imeneyo yomwe ndinayamba kumva kuti kuno ndakhala, sindikungodutsa. Amayi nditawauza pa foni kuti ndagula galu, wogona mnyumba, wopita kuchipatala ndi khadi lake, anakhala chete kaye kenako anati mwanawe uli bwinobwino kumeneko? Ndinawamvetsa, kwathu galu umangopempha kwa aneba. Koma kuno katemera wa chiwewe ndi lamulo ndipo ma raccoon m'madera ena amakhala nacho chiwewecho, nkhupakupa nazo zimabweretsa matenda, nde dokotala wa ziweto sungamuzembe. Ndinasamukanso pa fulati kupita ku kanyumba ka mpanda chifukwa mawu a galu ameneyu aneba a khoma limodzi sangawapirire. Amene mukuganiza zotenga coonhound muli pa apatimenti ndipo mumagwira ma dabulo shifiti, chonde musatero, mumuzunza galuyo.

Miyezi yoyamba sinali yokoma. Tinkamutulutsa ndi galu wamkulu wa adala, iye kumangotsatira osamvetsa chomwe chikuchitika. Usiku wina anatsata gwape, tikumuona pa GPS ya pakhosi akupita kutali kuwoloka msewu, tinamupeza mbandakucha, ine misozi ili m'maso. Ndinafunsa adala ngati tinalakwitsa kusankha. Anati ayi, mphuno ikugwira ntchito, sanadziwe chabe kuti fungo lake ndi liti, usamumenye, tipitenso mawa.

Ali ndi miyezi 11, mu Novembala ngati muno, tinamumasula yekha kumtsinje komwe kuja. Tinadikira nthawi yaitali ndithu, mphepo ikuluma zala, ine ndayamba kale kutaya mtima. Kenako auuuuu, kokoka, kozama, kosiyana ndi kulira kwake kwa kunyumba. Anataya, kunakhala zii, adala anandigwira mkono kuti ndisamuitane, ndinakumbukira pa udzu paja mmene anabwererera yekha. Anayambanso. Nde mawu anasintha, au au au au pamalo amodzi. Ndinathamanga osamva minga, ndinamupeza ataima pa mtengo waukulu wa oak, mutu mmwamba, ndipo nditawalitsa tochi timaso tiwiri tija tinalipo.

Ndinatulutsa foni manja akunjenjemera nkujambula voisi noti kutumiza kwa malume anga, omwe ankayenda ndi agogo ku uzimba. Kuno inali 11 koloko usiku, kumudzi 6 koloko mmawa, anali akupita kudimba. Sanachedwe kuyankha. Anati mphwanga, sindikudziwa nyama yomwe ili mumtengomo, koma galu ameneyo sakunama, mugwire pamutu umuuze kuti malume amva.

Ndi ameneyo mukumumva akukanda chitsekoyo, waona ndatulutsa magambuti. Tionana sabata yamawa abale, tumizani mafunso anu monga mwa nthawi zonse.