Musanalipire lendi ku Nchalo, yambani mwaona khoma

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndipo tikucheza ndi inu amene mwangotsika kumene phiri la Thabwa, kaya ndinu aphunzitsi, anamwino kapena mwabwerera ntchito ya nzimbe, ndipo mukufuna kanyumba ka chipinda chimodzi ndi pabalaza. Tauni ino inakula chifukwa cha fakitale ya shuga imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, nthawi ya kampani ya SUCOMA, lero ndi Illovo. Choncho nyumba zambiri za pafupi ndi msika n'zakale. Ubwino wake, kuchigayo, kumsika ndi kumsewu wa M1 mumangopita wapansi, osalipira kabaza. Koma musathamangire kufunsa mtengo.

(Kamera ionetse m'munsi mwa khoma.)

Onani apa. Mzere woderawu ukuzungulira nyumba yonse pa msinkhu umodzi, ndipo apa ndi pamene madzi analekezera. Chigwa chino chinasefukira mu 2015, kenako pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Madziwo sanafike paliponse mofanana. Nyumba ina inamira, ina ya kuseri kwake inangonyowa khonde. Alandilodi ena amapaka penti m'munsi mokhamo kuti mzerewu usaoneke, ndiye mukaona khoma lowala kumunsi koma kumwamba kuli mbuu, dabwani. Eni nyumba sanganyoze nyumba yawo. Pitani kwa mayi amene akugulitsa tomato pafupipo, apatseni moni bwinobwino, muwafunse kuti, “Amayi, pa Freddy paja madzi anafika pati kuno?” Akulozerani pathupi pawo, kaya m'mawondo kaya m'chiuno.

Palinso tiufa toyera timene timatuluka pa njerwa. Umenewo ndi mchere wochokera m'nthaka, umakwera ndi chinyezi n'kumadya khoma pang'onopang'ono. Kandani ndi chala. Ikamayoyoka ngati chigumu chouma, ndiye kuti njerwayo yatha, ngakhale pamwamba atamata simenti. Gogodaninso mafelemu a zitseko, chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino.

Tsopano dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Nyumba mukaiona m'mawa idzakunamizani. Pitani cha m'ma 2 koloko masana, lowani kuchipinda, tsekani chitseko, muime kaye. Ngati malata ali pafupi ndi mutu ndipo mulibe siling'i, thukuta likuuzani lokha. Mazenera akhale moyang'anana kuti mphepo izidutsa. Kunena zoona, ine ndingasankhe nyumba yosapentedwa koma yokhala ndi mtengo wa nimu chakumadzulo, kusiyana ndi yokongola imene ili pamtetete. Ndipo popeza miyezi imeneyi ambiri timatulutsa mphasa n'kugona panja, onani ngati pali mpanda ndi pomangirira neti. Udzudzu wa kuno suchita manyazi, malungo ndiye osanena.

Madzi alaweni. Inde, pemphani kapu. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, oti sopo sachita thovu ndipo tiyi sakoma. Ngati pali mpopi, funsani kuti bilu imagawidwa bwanji, pa khomo kapena pa munthu aliyense.

Nkhani imene imadanitsa anthu pa lendi ndi magetsi. Nyumba za mdadada nthawi zambiri zimakhala pa mita imodzi ya ESCOM, mayunitsi n'kumasonkherana. Inu muli ndi babu ndi kafani kamodzi, mnzanu wa khomo linalo ali ndi filiji yaikulu ya bizinesi ya mafilizesi, koma ndalama akuti muzipereka yofanana. Zimenezi kambiranani musanalowe, alandilodi ali pompo.

Kuchimbudzi musachite manyazi kusuzumira. Chokumba chimene chili pamalo otsika chimadzaza msanga mvula ikagwa, china chimatitimira. Werenganinso makomo amene akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzicho.

Mukakhutira, ndiye kambani za ndalama. Nyengo yodula nzimbe ikamayamba, cha mu Epulo, anthu amachuluka ndipo nyumba zimasowa, choncho ngati mungathe sakani isanafike. Funsani kuti akufuna miyezi ingati yolipiriratu, ndiponso denga likadontha akonza ndani. Mukakonza nokha, adzachotsera pa lendi? Lembani zonsezi pa pepala, musayinirane pali mboni. Polipira, tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money ndipo uthengawo musafufute. Mukapereka pamanja, alandilodi asayine m'kabuku kanu mwezi ndi mwezi.