Mawu a M'mawa: Hana Sanangomusiya Samueli ku Silo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge 1 Samueli 2:12-19. Mawuwa akhudze makamaka makolo amene mwana wawo waluso pa mpira wamiyendo, wa ntchemberembaye kapena pa liwiro wapezeredwa malo pa sukulu yogonera konko kunja kwa dziko.

Hana anapereka mwana wake Samueli kwa Yehova, n'kukamusiya ku Silo m'manja mwa wansembe Eli. Ambiri timalekezera pomwepa. Koma vesi 19 ikuti chaka ndi chaka mayiyu ankasoka kamkanjo n'kukamupatsa popita kukapereka nsembe. Simungasokere mwana chovala musakudziwa msinkhu umene wafika, ndiye kuti Hana ankamutsata mwana wakeyo ngakhale anali kutali. Onaninso vesi 12: ana a Eli anali anthu oipa, koma ankatumikira pamalo pomwepo pamene Samueli ankagona. Dzina labwino la malo silikuuzani za munthu amene adzayang'anire mwana wanu usiku.

Titenge chitsanzo cha sukulu za ku Britain. Funso loyamba lisakhale la bwalo lamasewero. Funsani kuti woyang'anira nyumba yogona ndi ndani, m'chipinda amagonamo angati, nanga mwana akazunzidwa kapena kunyozedwa chifukwa cha khungu lake akadandaule kwa yani. Chaka cha sukulu chili ndi zigawo zitatu, ndipo pakati pa chigawo chilichonse pamakhala tchuthi cha sabata imodzi kapena ziwiri, pamene nyumba zogona zambiri zimatsekedwa. Tikiti ya ndege yobwerera ku Lilongwe kapena ku Lusaka pa tchuthi chilichonse ndi ochepa angaikwanitse. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimafuna mlezi wokhala m'dzikomo. Msuwani amene amagwira ntchito usiku ku Leeds, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani, sangathamange sukulu ikamuitana kuti mwana wathyoka mwendo. Pali bungwe la AEGIS limene limayendera ndi kuvomereza makampani olera ana otere, yambirani kumeneko.

Za ndalama, Ambuye Yesu ananena pa Luka 14:28 kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera. Thandizo limene sukulu imapereka kwa mwana waluso pa masewero nthawi zambiri limangochotsako gawo lochepa la fizi, ndipo kuyambira Januwale 2025 fizi ya sukulu zomwe si zaboma kumeneko ili ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Viza ya mwanayo ndi Child Student, ya ana a zaka 4 mpaka 17. Imafuna nambala ya CAS (yotsimikiza kuti mwana wapatsidwa malo) yochokera ku sukulu yololedwa kuitana ophunzira akunja, kalata yovomereza ya makolo, chiphaso choti mwana anayezedwa TB pa chipatala chovomerezeka, komanso ndalama ya zaumoyo ya chaka chilichonse. Ndalama zosonyeza kuti mukwanitsa fizi zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amabwereka lero, mawa n'kusindikiza sitetimenti, viza n'kukanidwa. Werenganinso bwino pangano. Sukulu zambiri zimati mukafuna kuchotsa mwana muziwadziwitsa chigawo chathunthu nthawi isanakwane, apo ayi mulipira chigawo chimene sanaphunzire.

Pali funso limene makolo amachita nalo manyazi, ngati kulifunsa n'kulodza mwana: akavulala, thandizolo lipitirira? Mtsempha wa m'bondo ukaduka, kuchira kumatenga miyezi isanu ndi inayi kapena kuposa. Yankho lake lilembedwe papepala. Kufunsa zimenezi si kuchepa chikhulupiriro.

Kwa a mpira wamiyendo, kumbukirani 2 Timoteyo 2:5, pamene Paulo akuti wothamanga savekedwa nkhata ngati sanatsate malamulo. Gawo 19 la malamulo a FIFA limaletsa kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga pamene makolo asamukira kumeneko pa nkhani yosakhudza mpira. Mwana akhoza kusewerera sukulu yake, koma kulembedwa ku kalabu ndi nkhani ina. Barcelona inalangidwa mu 2014 chifukwa cha lamulo lomweli, ndipo anyamata ena amene anakhudzidwa anakhala nthawi yaitali osasewera mipikisano. Choncho wina akabwera ndi malonjezo oti mwana wa zaka 15 akalowa kalabu yaikulu mukangopereka ndalama, muthaweni, ndipo pasipoti ya mwana asaigwire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tabitha Chawinga, katswiri wa mpira wamiyendo wa ku Malawi, anapita kukasewera ku Sweden mu 2014, chaka chimene ankakwanitsa zaka 18, ndipo sanachedwe.

Akafika, kumutsata kwanu kukhale ndi tsiku ndi ola lake. Mu Disembala dzuwa ku London limalowa cha m'ma 4 koloko masana, kunja kukuzizira, nsima kulibe, ndipo mwana wansangala amatha kungoti zii. Nthawi imeneyo wotchi ya kwathu imakhala patsogolo ndi maola awiri, m'chilimwe chawo ola limodzi. Muimbireni pa vidiyo kuti muone nkhope, poti "ndili bwino" wa pa WhatsApp amabisa zambiri. Musayambe ndi "wagoletsa zingati?" Mufunseni ngati akudya, amene amakhala naye pa tebulo, mmene masamu akuyendera, ndiponso ngati wapeza kopemphera Lamulungu.

Tipemphere. Atate, ana athu amene ali kutali muwapatse aphunzitsi oopa Inu ndi anzawo abwino. Tetezani matupi awo pabwalo, ndipo makolo muwapatse nzeru asanasaine pepala lililonse. M'dzina la Yesu, ameni.