Makalata a Omvera: Mita Imodzi Makomo Anayi, ndi Madandaulo Ena a m'Nyumba za Lendi

Tikupatseni moni omvera athu nonse a m'chigwa cha Shire, kuyambira kumunsi kwa Thabwa mpaka kumalire ku Marka. Makalata ambiri amene atipeza sabata ino akukamba za moyo wa m'nyumba za lendi, choncho tasankhapo anayi oti tiwerenge ndi kuyankha. Maina a olemba sitiwatchula, chifukwa ena mwa anthu amene akudandauliridwawo mwina akumvera wailesi yomweyi kuseri kwa khoma.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ngabu, ndipo akuti:

"Bambo muulutsi, ine ndimakhala m'nyumba ya mdadada ya makomo anayi, ndipo tonse tili pa mita imodzi ya magetsi. Mwezi uliwonse timasonkha ndalama zofanana zogulira mayunitsi, koma chiyambireni kutentha kuno mayunitsi akumatha mwezi uli pakati, ndiye timauzidwa kuti tisonkhenso. M'nyumba mwanga muli mababu awiri, fani imodzi ndi tchaja ya foni basi, ndipo ndimaphika pambaula. Mnzathu wa khomo lachitatu ali ndi firiji yaikulu imene amaumitsiramo madzi ndi mafilizesi ogulitsa kumsika, pamene wa khomo lakumapeto timangomva fungo la nyemba chitseko chili chotseka, mbaula yake ili panja yopanda moto. Nditafunsapo, onse anandiloza chala kuti fani yanga ndiyo ikutha magetsi chifukwa imazungulira usiku wonse. Pano sitikupatsana moni, ndipo ana anga aletsedwa kusewera pakhonde la anzawo. Kodi fani ingathedi mayunitsi a makomo anayi?"

Mayi, fani yanu ilibe mlandu umene akuipatsawo, ndipo masamu ake ndi osavuta. Yunitsi imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 atagwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Fani ya m'nyumba imakoka mawati pafupifupi 50, kutanthauza kuti ikazungulira maola 10 usiku wonse imadya theka la yunitsi. Hotipuleti ya mbale imodzi imakoka mawati 1,000 kapena kuposerapo, ndiye nyemba zouma zimene zimakhala pamoto maola awiri kapena atatu zimatenga mayunitsi awiri kapena atatu, amene fani yanu ingawathe m'masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi. Firiji nayo imagwira ntchito moyima ndi kuyambiranso, koma m'nyengo ngati ino, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndiponso ngati tsiku lililonse akuikamo madzi atsopano ofunda kuti aume, imangolira osapuma.

Komabe musapite kukalimbana nawo ndi nkhani ya fungo la nyemba, chifukwa fungo si umboni ndipo munthu wonunkhizidwa mphika wake amayamba wakwiya asanamve chilichonse. Pemphani eni nyumba akuitaneni nonse tsiku limodzi madzulo, muime pa mita. Mita ya mayunitsi imaonetsa otsala, choncho lembani nambala imene ikuoneka, muzimitse zonse, musiye fani yokha kwa ola limodzi, muwerengenso. Mukatero chitani chimodzimodzi ndi firiji, kenako ndi chipangizo chilichonse chimene chili m'makomo anayiwo. Kuseri kwa chipangizo chilichonse kumakhala kachikwangwani kolembedwa nambala ndi chilembo cha W, ndipo amene akukayika akhoza kudziwerengera yekha. Mayi wa firijiyo sanalakwe pochita geni yake, pakuti madzi ozizira ku Ngabu ndi malonda enieni, koma magetsi a geni ayenera kulowa m'mtengo wa malondawo, osati m'thumba la anansi. Zimene mugwirizane muzilembe m'kope ndipo aliyense asainire. Ngati eni nyumba angakwanitse, m'masitolo a zipangizo muli timamita ting'onoting'ono towerengera khomo lililonse palokha, koma aike ndi mmisiri wodziwa za magetsi, osati mnyamata wa pafupi amene anangoonerera ena akulumikiza mawaya.

Kalata yachiwiri ndi yaitali, ndipo tayifupikitsa pang'ono. Alemba ndi aphunzitsi ena a ku Bangula.

"Bambo muulutsi, nditasamutsidwira kuno ndinapeza nyumba yopakidwa laimu watsopano, ndipo ndinalipiriratu miyezi itatu osafunsa zambiri. Mvula yoyamba itagwa, tinagona titakhala tsonga, mabeseni ali pabedi ndi pamwamba pa thumba la chimanga. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, chimbudzi chinatitimira ndipo malata anayi anasasuka. Eni nyumba amakhala ku Blantyre, ndipo nditawaimbira foni anangoti, 'Aphunzitsi, konzani, tidzaonana.' Ndinakongola ndalama, ndinagula malata, misomali ndi simenti, ndinalipira okumba dzenje ndi mmisiri. Atabwera kudzaona anayamikira kwambiri, koma za kuchotsera pa lendi anakana, akuti sanandiuze kuti ndigule malata atsopano, phula likanakwana. Patapita nthawi anakweza lendi ponena kuti kwacha yagwa, komanso kuti nyumbayo tsopano ili bwino. Mtima wanga ukundiuza kuti ndisiye kulipira mpaka ndalama zanga zitabwerera, kapena ndizule malata anga tsiku losamuka. Ndichite chiti?"

Aphunzitsi, pa ziwiri mwatchulazo musachitepo chilichonse. Mukasiya kulipira mwa inu nokha, nkhani imatembenuka: amene munali wodandaula mumasanduka wangongole, ndipo eni nyumba amapeza chifukwa chokutulutsirani popanda wina wowadzudzula. Mukazula malata, mudzaimbidwa mlandu wowononga nyumba ya eni, ngakhale risiti ya malatawo ili m'thumba mwanu.

Pa chilungamo chokha, ife tili mbali yanu. Denga, makoma ndi dzenje la chimbudzi ndi za mwini nyumba, chifukwa zidzatsala naye inu mutapita. Za wochita lendi ndi zing'onozing'ono zimene zimatha kapena kusweka m'manja mwake, monga babu, loko wotaya kiyi ndi galasi limene ana aswa ndi mpira. Chimbudzi simukanachidikirira, makamaka nthawi imeneyo pamene kolera anali atavuta m'dziko muno kuyambira 2022 mpaka 2023. Vuto lili pa mawu akuti "tidzaonana," amene mwa inu anamveka ngati lonjezo, pamene mwa iwo anali njira yodulira foni. Mukanawatumizira uthenga wa pafoni tsiku lomwelo wonena kuti mugula malata angati, pa mtengo wanji, ndipo muzichotsa zingati mwezi uliwonse, iwo n'kuyankha ngakhale ndi liwu limodzi lovomera, bwenzi lero muli ndi pogwira.

Sikuti mulibiretu pogwira. Sonkhanitsani marisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene munalipirira zipangizo, ndipo mmisiri ndi okumba dzenje aja akhale mboni zanu. Lembani kalata yaulemu yofotokoza ndalama zonse ndi pempho loti zichotsedwe pang'onopang'ono, musunge kope lake. Akakana, pitani nayo nkhaniyi kwa nyakwawa ya dera limene nyumbayo ili, pakuti mwini nyumba wokhala kutali amafunabe kukhala bwino ndi mfumu ya pamalo pamene pali chuma chake. Zikakanika pamenepo, bwalo la majisitireti limamva milandu ya ndalama yotere.

Za kugwa kwa kwacha sananame: inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti ndi malata zinakwera nazo. Chimenecho ndi chifukwa chomveka chokwezera lendi, malinga adziwitse wokhalamo nthawi ikadalipo. Koma kunena kuti nyumba yakongola pamene wayikongoletsa ndi yemweyo akulipiritsidwayo, kumeneko ndi kudya kawiri.

Tisanachoke pa kalata imeneyi, tilankhule ndi ena amene akufunafuna nyumba kuno kuchigwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo laimu watsopano amabisa zambiri. Yang'anani m'munsi mwa khoma, kuseri kwa chitseko ndi m'bafa, kumene opaka amachita ulesi, muone ngati pali mzere umene madzi osefukira anasiya kapena pulasitala wofumbutuka ndi chinyezi. Funsani anansi, osati mwini nyumba, kuti madzi anafika pati mu 2015, mu 2019 nthawi ya Idai, mu 2022 nthawi ya Ana, ndi mu 2023. Lowani masana, mutseke chitseko ndi mawindo, muyang'ane kudenga. Paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowanso mvula. Kumadera a dothi lamakande, limene limang'ambika m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja, onaninso ming'alu ya m'makona.

Kalata yachitatu yachokera mbali inayo, ndipo tinasangalala kuilandira chifukwa eni nyumba satilembera kawirikawiri. Alemba ndi mayi wamasiye wa ku Nchalo.

"Mwanawanga muulutsi, pa pulogalamu yanuyi mumakonda kutinena ife eni nyumba ngati tilibe mtima. Malemu amuna anga anandisiyira zipinda zitatu, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera fizi ya adzukulu ndi mankhwala anga. Mmodzi mwa okhalamo, wodula nzimbe, wakwanitsa miyezi itatu osalipira. Ndikapita m'mawa mkazi wake amati wachoka, ndikapita madzulo amazimitsa nyali, koma Loweruka ndimamva kununkhira kwa nyama. Achibale akundiuza kuti ndizule chitseko kapena nditenge matiresi ake. Kodi ndikatero ndalakwa?"

Amayi, tamva kudzudzula kwanu ndipo dandaulo lanu ndi loona: lendi si mphatso, ndipo munthu wozimitsa nyali pothawa mwini nyumba akudzichotsera yekha ulemu. Koma chitseko chisiyeni pamalo pake. Mukachizula, katundu wa m'nyumbamo akasowa usiku umenewo, kapena mwana akalumidwa ndi njoka, funso lidzabwera kwa inu, ndipo ngongole ya miyezi itatu idzaiwalika. Kutenga katundu wa munthu chifukwa cha lendi kuli ndi njira yake ya malamulo yodzera kubwalo la milandu, si ntchito ya achibale obwera ndi mkwiyo.

Inu mukudziwa kuposa ife kuti ntchito yodula nzimbe ili ndi nyengo: imayamba mvula ikatha ndipo imaima mvula ikamayamba, kotero kuti miyezi ya dzinja ambiri mwa anthu amenewa amakhala opanda malipiro. Ngati ngongoleyi yagwera m'miyezi imeneyo, muitaneni pamaso pa mboni ziwiri, makamaka masana a Lamulungu pamene sangazimitse nyali, alembe yekha ngongole imene ali nayo kwa inu ndi masiku amene azibweza ntchito ikayamba. Ngati wakhala akulandira malipiro koma osakupatsani, mpatseni notisi yolemba ya mwezi umodzi, monga zimakhalira kwa munthu wolipira mwezi ndi mwezi, ndipo nyakwawa idziwe. Kwa amene adzalowe pambuyo pake, mukhoza kugwirizana kuti m'miyezi ya ntchito aziwonjezerapo pang'ono kuti dzinja likamafika akhale atalipiriratu. Za nyama ya Loweruka musaziike m'mlandu, amayi, chifukwa mwina ndi ya mlamu wake wabwera nayo.

Yotsiriza ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wachinyamata wa ku Dyeratu.

"Achimwene muulutsi, ine ndi akazi anga tikukhala mumpanda umodzi ndi eni nyumba. Geti amatseka 8 koloko usiku, mpopi amaukhoma ndi loko n'kumautsegula m'mawa mokha, ndipo mjigo wapafupi ndi wa madzi amchere amene sopo sachita nawo thovu. Kukatentha sitiloledwa kugona pakhonde, ndipo apongozi akabwera timafunsidwa kuti achoka liti. Lendi sitinaphonyepo. Masiku ano akazi anga sagona tulo, ndipo timakangana pa zinthu zopanda pake."

Achimwene, zina mwa izi zikhoza kukambidwa. Pemphani kiyi wanu wa geti, ndipo pa mpopi pemphani kuona bilu ya madzi kuti muzilipira gawo lanu lodziwika, chifukwa kawirikawiri loko wa pampopi amabwera ndi mantha a bilu. Muwauzenso mwaulemu kuti m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mu Okutobala muno, kugona panja m'neti si mwano koma kufuna mpweya. Koma kuwerengera munthu alendo ake ndi khalidwe, ndipo khalidwe la mwini mpanda silisintha ndi kalata ya pa wailesi. Mukayesa kamodzi n'kuona kuti palibe chasintha, yambani kufunafuna nyumba ina mwakachetechete, mupereke notisi yanu bwinobwino, ndipo tsiku lotuluka muyendere limodzi nyumbayo ndi eni ake pamaso pa mboni kuti pasadzabuke nkhani ya zowonongeka. Pakadali pano musalole kuti mkwiyo wa pageti uzikathera pa akazi anu, amene amakhala mumpandamo tsiku lonse pamene inu muli kuntchito. Auzeni mwezi umene mukuganiza zosamuka, ndipo nyumba yatsopanoyo mukaione nonse awiri. Ngati kusowa tuloko kupitirira ngakhale zinthu zitasintha, apite kuchipatala akaonane ndi adokotala.

Nthawi yatithera. Makalata a omvera a ku Nsanje ndi ku Makhanga onena za ndalama ya dipoziti imene sibwezedwa posamuka tawasunga, ndipo tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.