Ukamuika mwana kubere, yang'ana chibwano chake

Mng'ono wanga, ndamva uthenga wako uja. Ukuti nsonga za mabere zikuwawa ngati zapsa ndi moto, ndipo ukuopa kuti mwana sakukhuta. Khala pansi kaye undimvere. Ine ndikuona kuti vuto si mkaka ayi, koma m'mene akugwirira berelo.

Lero ndi tsiku lachitatu chibadwire, eti? Mkaka wachikasu wokhuthala ukutulukawo usaufinyire pansi, ndi umene ukumuteteza ku matenda. Ndi wochepa inde, koma kamimba kake tsiku loyamba kamangolandira kasipuni kamodzi. Mkaka wambiri uyamba kubwera masiku ano omwewa, ndipo chimene chimauitana ndi kuyamwako.

Tsopano kagwiridwe. Tsamira bwino, uike pilo pamiyendo. Mutembenuze mwanayo thupi lonse, mimba yake igunde yako, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pamzere umodzi. Asamayamwe atapotoza khosi. Tayesa iweyo kumwa madzi utayang'ana kumbali, uone ngati angatsike. Mphuno yake ilunjike pansonga ya bere. Mukhudze mlomo wapamwamba ndi nsongayo, kenako dikira. Apa ndi pomwe ambirife timapupuluma, ine ndemwe ndi mwana wanga woyamba ndinkangomulowetsa akangosuntha milomo, ndipo ndinalira nazo sabata yathunthu. Dikira mpaka atatsegula kukamwa kwambiri ngati akuyasamula, pomwepo umukokere kwa iwe msanga. Usawerame kumutsatira, msana udzakupweteka.

Akagwira, yang'ana. Chibwano chagunda bere? Mlomo wapansi wapindikira kunja? Mbali yakuda yozungulira nsonga ija iyenera kuoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Masaya akhale otukuka, osati olowa mkati, ndipo uzimva akumeza. Ngati wangoluma nsonga yokha, usapirire, komanso usamuzule. Lowetsa kachala kako kakang'ono, kosamba, pakona ya kamwa, asiye yekha, muyambirenso. Ngakhale kasanu, palibe vuto. Akamaliza, paka timadontho ta mkaka wako pansonga zong'ambikazo, uzisiye ziume.

Muyamwitse akafuna, usana ndi usiku, ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24. Usadikire kuti alire. Akayamba kunyambita milomo, kuika tizala mkamwa, kutembenuza mutu ngati akufunafuna, imeneyo ndi njala kale. Athane kaye ndi bere limodzi mpaka lifewe, umugoneke paphewa ageye, ndiye umupatse linalo.

Wina akakuuza kuti umupatse madzi chifukwa kwatentha, kana mwaulemu. Miyezi 6 yoyamba ndi kuyamwitsa mwakathithi, madziwo ali kale mu mkakamo. Za kukhuta, werenga matewera: akakwana masiku 5, azinyowetsa 6 kapena kuposa patsiku. Pa sikelo akatsika pang'ono sabata yoyambayi usadandaule, ambiri amabwerera pa kulemera kobadwa nako pofika masabata awiri.

Koma izi zokha usazengereze nazo. Akamakana bere, akatentha thupi kapena kuzizira, akafooka osadzutsika, maso ndi khungu zikachita chikasu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Iwenso bere likatupa, kufiira ndi kutentha, thupi n'kumanjenjemera, usasiye kuyamwitsa koma ukaonane ndi anamwino.

Akangodzuka yesa, undiuze ngati chibwano chagunda.