Musanagule turbo, kwezani galimoto pa sikelo

(Chithunzi: Citi Golf yofiira ili m'galaja, matayala onse anayi ali pa masikelo)

Moni nonse. Lero tili ndi Citi Golf, galimoto yomwe Volkswagen inapanga ku Uitenhage, South Africa, mpaka chaka cha 2009. Pa mabwalo a mpikisano ngati Killarney ku Cape Town ndi Zwartkops kufupi ndi Pretoria, anthu wamba akuthamangitsabe galimotozi chifukwa sizilemera ndipo zipangizo zake sizisowa.

Ambiri akaigula amathamangira kuwonjezera mphamvu ya injini ndi zipangizo monga turbo. Ine ndimati dikirani kaye. Yambani mwadziwa kuti tayala lililonse lanyamula makilo angati.

Pokonzekera kuyeza, pansi pakhale polingana, matayala apopedwe monga mudzathamangire, mumasule mbali imodzi ya anti-roll bar (chitsulo cholumikiza matayala a kumanja ndi kumanzere, chochepetsa kupendekeka pokhota), ndipo dalaivala akhale pampando wake atavala chipewa chake chodzitetezera. Musaiwale petulo: lita imodzi imalemera pafupifupi makilo 0.75, ndiye malita 40 ndi makilo 30 onse.

(Manambala aoneke pa sikirini)

Tiyerekeze kuti sikelo yatipatsa izi. Kutsogolo kumanja 310, kutsogolo kumanzere 255, kumbuyo kumanzere 165, kumbuyo kumanja 170. Zonse pamodzi 900. Kutsogolo kuli makilo 565, pafupifupi 63 peresenti, ndipo izi sizodabwitsa pa galimoto yomwe injini ndi giyabokosi zili kutsogolo.

Koma yang'anani mopingasa. Tayala la kutsogolo kumanja ndi la kumbuyo kumanzere akunyamula 475, enawo 425. Akatswiri amatcha zimenezi cross weight, ndipo timafuna ikhale 50 peresenti ya kulemera konse. Apa yafika pafupifupi 53. Zili ngati tebulo logwedera: miyendo iwiri yopingasana ndiyo yasenza katundu, iwiri inayo ikungokhudza pansi. Pa bwalo, galimoto yotereyi imakana kukhota mukapita kumanzere, mphuno ikungolowera kunja, koma mukapita kumanja kumbuyo kumaterereka. Dalaivala amadziimba mlandu, pomwe vuto lili pansi pa galimoto.

Ngati muli ndi ma coilover (mashoka okhala ndi sipuling'i yomwe mungakweze kapena kutsitsa), kwezani pang'ono kumbuyo kumanja kapena kutsogolo kumanzere, gwedezani galimoto kuti ikhazikike, yezaninso. Pang'ono pang'ono, osathamanga. Dziwani kuti kuchita izi sikusamutsa kulemera kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Kuti zimenezo zitheke, muyenera kunyamula chinthu chenicheni, monga batire, n'kuliika kumbuyo m'bokosi lomangidwa bwino. Osati kungolikulunga ndi lamba wa labala ayi, pa ngozi limasanduka mwala.

Tsopano za matenda. Mnzanga wina galimoto yake inkatsokomola pa kona yaitali yokha, ikawongoka n'kuchira. Anasintha mapulagi, anasintha koyilo, ndalama zinapita, matenda ali pomwepo. Funso lomwe palibe anamufunsa ndi lakuti: thanki inali ndi mafuta ochuluka bwanji? Thanki ikatsala pang'ono, pokhota petulo amathawira mbali imodzi, pampu n'kumakoka mpweya. Kuyesa kwake n'kosavuta: dzazani thanki, thamanganinso. Kutsokomola kukatha, mwalipeza vuto, ndipo mankhwala ake ndi kathanki kakang'ono kotchedwa surge tank, kosunga petulo kuti pampu isakoke mpweya.

Mabuleki nawo. Phazi likayamba kumira pa pedulo mutazungulira kangapo, nthawi zambiri mafuta a mabuleki awira. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa chinyontho malirewo amatsika kufika cha pa 155. Ngati pedulo ili yolimba koma galimoto sikuima, ndiye kuti ma pad a mabuleki ndiwo atentha, imeneyo ndi nkhani ina.

Mu vidiyo yotsatira tivula tayala lakutsogolo tione mmene kudyeka kwake kumatiuzira za camber, kutanthauza kupendekeka kwa tayala mkati kapena kunja.