Mankhwala a BP amayambitsa khansa? Musataye mapiritsi musanamve izi

Muli bwanji nonse, a pa Dedza boma, a ku Bembeke, a pa Lizulu mpaka ku Tsangano! Ngati pakhomo panu pali munthu womwa mankhwala a BP, musasunthe. Uthenga wa pa WhatsApp uja, wakuti mapiritsi a BP amayambitsa khansa, wafika kale m'makutu mwa makolo athu, ndipo ena asiya kumwa. Zimenezi zikundiwawa kwambiri.

Mwachidule kaye. BP ndi kuthamanga kwa magazi mopitirira muyeso, kuyambira pa 140/90 kupita m'mwamba. Nthawi zambiri munthu samva kupweteka kulikonse. Kafukufuku wa m'dziko muno wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse, pafupifupi mmodzi ali nayo. Ikalekereredwa imabweretsa sitiroko, imafoola mtima, imawononga impso. Basi, tipite ku nkhani yathu.

Mphekeserayi inachokera kuti? Mu 2018, mayiko a ku Ulaya ndi America anachotsa pamsika mapiritsi ena a BP otchedwa valsartan. Zimenezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma mvetserani chifukwa chake, poti apa ndi pamene otumiza mauthenga aja amadumpha. M'mapiritsiwo munapezeka NDMA, kankhwala koipa komwe kangayambitse khansa, ndipo kanalowamo popanga, kufakitale ina ya ku China. Ufa ukabwera ndi mchenga kuchokera kuchigayo, wolakwa ndi chigayo, osati chimanga. Valsartan wopangidwa bwino akumwedwabe mpaka lero.

Nanga chiopsezo chake chinali chachikulu bwanji? Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawerengera kuti anthu 8,000 atamwa mapiritsi oipitsidwawo, pa mlingo wapamwamba kwambiri, tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, mmodzi yekha ndi amene akanadwala khansa chifukwa cha iwo. Mmodzi pa 8,000! Ndiye agogo a ku Kasumbu, omwe mwina valsartan sanamuonepo n'komwe, atayirenji amlodipine wawo, womwe ndi mtundu wina wa mankhwala a BP?

Sindinamalize. Mu 2021, magazini ya madokotala a khansa ya The Lancet Oncology inasonkhanitsa pamodzi makafukufuku 33 a mankhwala a BP, okhudza anthu oposa 260,000, ndipo sinapeze umboni wokhazikika wakuti mankhwalawa amawonjezera khansa. Uthenga wa pafoni uja, wopanda ndi dzina lomwe la wolankhula, ukuposa anthu 260,000? Ayi ndithu. Ngati mwaphunzirapo kanthu pofika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja, kenako tumizani vidiyoyi ku gulu lomwelo kumene uthengawo unachokera.

Komabe pali chimodzi chomwe sindikubisirani: HCT, kapiritsi ka BP kokodzetsa kaja kamene ambiri timalandira kuchipatala. Ofufuza a ku Denmark anapeza kuti omwa HCT kwa zaka zambiri amadwala khansa ya pakhungu ndi ya pamlomo kuposa anzawo, chifukwa mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Koma ambiri mwa anthu amene anafufuzidwa ndi azungu. Khungu lakuda limatchinga dzuwa kwambiri, choncho kwa ambirife chiopsezocho n'chochepa. Amene ndikuwaganizira ndi abale athu achialubino, omwe khansa ya pakhungu ikuwavutitsa kale.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, musasiye mankhwala panokha. Ena, monga atenolol ndi propranolol, ukawasiya mwadzidzidzi mtima umagunda mothamanga ndipo BP ikhoza kukwera koopsa. Adyo ndi mandimu sizilowa m'malo mwa mapiritsi.

Chachiwiri, tsegulani kabuku kanu ka kuchipatala, muwerenge dzina la mankhwala amene mukumwa. Ambiri timangoti "kakang'ono koyera kaja".

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Ngati ndinu wachialubino, kapena mayi anu, kapena mwamuna wanu, ndipo m'kabukumo mwalembedwa HCT, pitani nako ku kiliniki mukafunse ngati angakusinthireni, chifukwa mankhwala ena alipo. Ndipo kuzizira kwa kuno kusakunamizeni. Dedza ndi malo okwera, ndipo kumalo okwera dzuwa limawotcha khungu kwambiri ngakhale mphepo ikuomba mpaka mano kugundana. Mukamapita kukakumba kachewere kapena kukakhala pamsika tsiku lonse, valani chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mudzole mafuta oteteza ku dzuwa. Chilonda cha pamlomo, pakhutu kapena pankhope chikatha milungu ingapo osapola, musachimange ndi kansalu n'kudikira. Kachionetseni.

Chachinayi, enalapril kapena captopril akakupatsani chifuwa chouma chosatha, kauzeni adokotala. Zimachitika, ndipo amasintha mankhwala. Akakuyezaninso ngati pali china m'chifuwamo.

Chachisanu, chepetsani mchere, siyani fodya.

Lembani pansipa dzina la mankhwala amene mumamwa ndi funso lanu, ndiyankha mmene ndingathere, ngakhale wosintha mankhwala ndi dokotala wanu, osati ine. Vidiyo yotsatira tikambirana kayezedwe ka BP kunyumba, ndi chifukwa chake simuyenera kuyeza mutangotsika panjinga.